Milandu ya Chinyengo pa Ndalama M'makhoti a Fedulo ku America: Mafunso ndi Mayankho

Awa ndi mafunso amene abale athu okhala ku America, komanso amene ali ndi wachibale kumeneko, amafunsa mobwerezabwereza. Zimene zalembedwa pano zikuthandizani kumvetsa mmene zinthu zimayendera, koma sizingalowe m'malo mwa loya amene waona mapepala a nkhani yanu.

Kodi milandu imeneyi ndi iti?

Ndi milandu yopezera ndalama kapena katundu pogwiritsa ntchito bodza, popanda mfuti kapena chikwanje. Kunamiza banki pofunsira ngongole, kulipiritsa boma chithandizo cha kuchipatala chimene sichinaperekedwe, kuzemba msonkho, ziphuphu, kugwiritsa ntchito dzina la munthu wina ndi kubisa gwero la ndalama zakuba, zonsezi zili m'gulu limene kumeneko amalitcha white collar crime.

Ambiri akamva za milanduyi amaganiza za akuluakulu ngati Bernie Madoff, amene anagamulidwa zaka 150 mu 2009, kapena Sam Bankman-Fried wa kampani ya FTX, amene anapatsidwa zaka 25 mu 2024. Koma m'makhotiwo mumaimanso anthu wamba: wosamalira okalamba amene anasainira maola omwe sanagwire, wolembera anzake mafomu a msonkho, wophunzira amene anabwereketsa akaunti yake ya kubanki. Tsamba lino talembera makamaka anthu ngati amenewa.

Mlandu wa fedulo umasiyana bwanji ndi wa chigawo?

America ili ndi zigawo 50, ndipo chilichonse chili ndi malamulo ndi makhoti ake. Pamwamba pake pali boma la fedulo, lomwe lili ndi makhoti ake a m'madera okwana 94. Mlandu umagwera m'manja mwa fedulo ukakhudza positi, mafoni kapena intaneti yodutsa malire a zigawo, mabanki, msonkho wa IRS (bungwe lotolera msonkho la fedulo), kapena ndalama za boma monga za Medicare ndi Medicaid zolipirira anthu chithandizo cha kuchipatala. Masiku ano ndi chinyengo chochepa kwambiri chimene sichikhudza chimodzi mwa zimenezi.

Kusiyana kwenikweni kuli pa kakonzekeredwe. Apolisi a m'tauni nthawi zambiri amamanga munthu kenako n'kuyamba kufufuza. A FBI, ofufuza milandu a IRS, a Secret Service ndi a positi amatha miyezi kapena zaka akusonkhanitsa mapepala a kubanki ndi maimelo mwakachetechete, ndipo akamafika pakhomo amakhala akudziwa kale zambiri. Dziwaninso kuti chigawo ndi fedulo angathe kuzenga munthu mmodzi pa nkhani imodzimodzi, ndipo khoti la Supreme linatsimikiza zimenezi mu 2019.

Ndi milandu iti imene anthu amazengedwa kawirikawiri?

Wotchuka kuposa yonse ndi wire fraud, kutanthauza chinyengo chilichonse chimene chinadutsira pa foni, imelo, intaneti kapena kutumiza ndalama kudzera kubanki. Mkulu wake ndi mail fraud, lamulo la 1872 lokhudza chinyengo chodutsira ku positi. Maloya a boma amakonda malamulo awiriwa chifukwa ndi otambalala: imelo iliyonse kapena ndalama iliyonse yotumizidwa ingawerengedwe ngati mlandu pawokha, ndipo uliwonse chilango chake chimafika zaka 20, kapena 30 ngati banki yakhudzidwa. Kunamiza banki kumafikanso zaka 30. Chinyengo pa chithandizo cha zaumoyo chimafika zaka 10, ndipo chimakwera ngati wodwala wavulala kapena wamwalira. Kuzemba msonkho ndi zaka 5, pomwe kusainira fomu ya msonkho yabodza ndi zaka 3. Kubisa gwero la ndalama zakuba, komwe amati money laundering, kumafika zaka 20.

Pali mlandu umodzi wooneka waung'ono koma wopweteka: kugwiritsa ntchito dzina kapena nambala ya Social Security (nambala imene boma limazindikirira munthu) ya munthu wina pochita chinyengo. Chilango chake ndi zaka 2 zimene woweruza sangachepetse, ndipo zimawonjezeredwa pamwamba pa chilango china chilichonse.

Zaka zatchulidwazi ndi malire apamwamba chabe. Mmene chilango chenicheni chimawerengedwera tafotokoza m'munsimu.

Ndinangobwereketsa akaunti yanga kwa mnzanga kuti alandirirepo ndalama. Ndili ndi mlandu?

N'zotheka, ndipo funso limeneli ndi limene limatimvetsa chisoni kwambiri. Akuba a pa intaneti, aja onyenga anthu okalamba ndi chikondi chabodza kapena onamiza makampani kuti alipire ku akaunti yolakwika, safuna kuti ndalama zifikire m'dzina lawo. Amafuna munthu wa akaunti yoyera. Amabwera ngati bwenzi, ngati bwana wopereka ntchito yogwirira kunyumba, nthawi zina ngati mnzanu wa kutchalitchi. Amati landirani, tapamponi pang'ono, zotsalazo mutumize kwakuti. Tsiku limene wobedwayo wakadandaula, dzina loyamba limene ofufuza amaliona ndi lanu, pomwe mwini chiwembu ali kutsidya la nyanja.

Boma liyenera kutsimikiza kuti munkadziwa kuti ndalamazo n'zakuba. Koma lamulo limalola kuti munthu amene anatseka maso dala aonedwe ngati wodziwa. Ngati banki inatsekapo akaunti yanu inu n'kukatsegula ina, ngati munauzidwa kuti mukaname kubanki kuti ndalamazo n'zogulira galimoto, ngati munalandirapo kalata yochenjeza koma n'kupitiriza, mawu akuti "sindinkadziwa" savuta kugwetsa. Ngati zikukuchitikirani panopa, lekani lero lomwe, musatumizenso kalikonse, sungani mauthenga onse, ndipo muonane ndi loya.

Nanga kutumiza ndalama kumudzi kungandiike m'mavuto?

Kutumiza ndalama zanu zimene munakhetsera thukuta kudzera kubanki kapena kampani yovomerezeka si mlandu, ngakhale zichuluke bwanji. Vuto limayamba munthu akasanduka wotumizira anzake: amatolera madola ku America, mnzake n'kumapereka makwacha ku Lilongwe kapena ku Chipata, iye n'kumadyapo kangachepe. Imeneyo ndi bizinesi yotumiza ndalama, ndipo kuichita popanda chiphaso ndi mlandu wofika zaka 5, ngakhale ndalama zonsezo zikhale zoyera.

Nambala yoti muikumbukire ndi $10,000. Mukaika kapena kutapa ndalama zapamanja zoposa pamenepo, banki imadziwitsa boma, ndipo palibe choopsa pa zimenezo. Choopsa ndi kugawa dala ndalamazo, lero $9,000 mawa $8,000, pofuna kuti banki isalembe lipoti. Kugawako pakokha ndi mlandu. Mukamadutsa pabwalo la ndege ndi ndalama zoposa $10,000 muyenera kuzilembetsa, ndipo wokhala ku America amene maakaunti ake a kunja aposa $10,000 onse pamodzi ayenera kudziwitsa boma chaka chilichonse.

Andiphatikiza pa mlandu wopangana chiwembu, chonsecho anthu enawo sindiwadziwa. Zimatheka bwanji?

Pa mlandu wa conspiracy boma silifunika kuonetsa pangano lolembedwa, kapena kuti onse ankadziwana. Likungofunika kuonetsa kuti munalowa mwadala m'chikonzero chophwanya lamulo. Mukapezeka kuti munalowamo, mungasenzenso zimene anzanuwo anachita popititsa chiwembucho patsogolo, malinga ngati zinali zinthu zoti mukanaziyembekezera. Ndiye chifukwa chake munthu amene anadyapo madola 3,000 amapezeka akukambidwa pa nkhani ya mamiliyoni. Ntchito yaikulu ya loya wake imakhala kusiyanitsa gawo lake ndi la enawo.

Kodi munthu amene sakhala ku America angazengedwe kumeneko?

Inde, ndipo chitsanzo chili kwa anansi athu. Manuel Chang, amene anali nduna ya zachuma ku Mozambique, anasainira kuti boma lidzabweza ngongole zachinsinsi zokwana pafupifupi madola 2 biliyoni zimene makampani a Proindicus, EMATUM ndi MAM anatenga mu 2013 ndi 2014. Anamangidwa pabwalo la ndege ku Johannesburg mu December 2018, anakhala m'ndende ku South Africa zaka zoposa zinayi, ndipo anatumizidwa ku America mu July 2023. Mu August 2024 khoti la ku Brooklyn linamupeza wolakwa pa kupangana kuchita wire fraud ndi kubisa gwero la ndalama, atalandira ziphuphu za madola 7 miliyoni. Mu January 2025 anagamulidwa zaka zisanu ndi zitatu ndi theka.

Chimene chinapatsa America mphamvu pa nkhani ya ku Maputo n'chakuti madola akamayenda pakati pa mabanki a maiko osiyana, nthawi zambiri amadutsira ku New York, komanso ena mwa amene anaika ndalama zawo m'ngongolezo anali a ku America. Komabe mphamvu imeneyi ili ndi malire. Pa nkhani yomweyo, Jean Boustani wa Privinvest, kampani yomanga zombo imene inapatsidwa ntchito za ngongolezo, anazengedwa m'khoti lomwelo mu 2019 ndipo anapezeka wosalakwa. Maloya ake anaumirira kuti zimene anachita sizinachitikire m'dera la khotilo.

Ndingadziwe bwanji kuti akundifufuza?

Nthawi zina banki imatseka akaunti popanda kufotokoza. Nthawi zina mnzanu wakuntchito amakuuzani kuti anafunsidwa za inu. Chizindikiro chosakayikitsa ndi kulandira subpoena, chikalata cholamula kuti mubweretse mapepala kapena mukaonekere pamaso pa grand jury, kapena kulandira target letter, kalata yokuuzani kuti boma lili ndi umboni wokwanira wokuganizirani.

Grand jury ndi gulu la anthu wamba 16 mpaka 23 limene limamva mbali ya boma yokha, mwachinsinsi, ndipo 12 akavomereza mlandu umatsegulidwa. Loya wanu saloledwa kulowa m'chipindamo. Maloya a boma amagawa anthu patatu: mboni, woganiziridwa, ndi amene akufunidwa kwenikweni. Wina akakuuzani kuti ndinu mboni chabe musagone tulo, chifukwa zimenezi zimasintha tsiku limodzi. Nthawi imeneyi, mlandu usanatsegulidwe, ndi pamene loya angachite zambiri: angakumane ndi a boma, kuwaonetsa mapepala amene sanawaone, ndipo nthawi zina nkhani imathera pomwepo.

A FBI afika pakhomo ndipo akuti akungofuna kucheza nane. Ndiyankhule nawo?

Ayi, musayankhule nawo za nkhaniyo popanda loya, ngakhale mukudziwa mumtima kuti simunalakwe. Ife tinaleredwa kuti mlendo akafika timupatse mpando, ndipo wamkulu akafunsa tiyankhe. Ulemu umenewo ndi wabwino, ndipo mungausunge uku mukukana. Alonjereni, funsani maina awo, landirani khadi lawo, kenako nenani kuti mukufuna kuyamba mwaonana ndi loya. Malamulo aakulu a dzikolo amapereka ufulu wokhala chete kwa aliyense amene ali m'dzikomo, nzika kapena mlendo, wa mapepala kapena wopanda mapepala.

Chifukwa chake n'chakuti kunamiza wofufuza wa fedulo ndi mlandu pawokha wofika zaka 5, ngakhale simunalumbire, ngakhale munali pakhonde panu. Iwo amabwera awiri, mmodzi akufunsa wina akulemba, ndipo mafunso ambiri mayankho ake amakhala ali nawo kale m'chikwama. Munthu wamantha amakana kanthu kakang'ono, kapena amasokoneza masiku a zaka zitatu zapitazo, ndipo pamenepo mlandu wabadwa. Martha Stewart, wabizinesi wotchuka wa pa TV, anakhala m'ndende miyezi isanu atapezeka wolakwa mu 2004, osati chifukwa cha kagulitsidwe ka masheya kamene ankafufuzidwa, koma chifukwa cha zimene anauza ofufuza. Musadikirenso kuti akuwerengereni ufulu wanu monga zimachitikira m'mafilimu, chifukwa amakakamizidwa kutero pokhapokha mutamangidwa.

Akabwera ndi chikalata cha khoti chowalola kusecha, musawatsekereze. Pemphani kope la chikalatacho, imbirani loya, ndipo khalani chete. Ngati alibe chikalata, muli ndi ufulu wokana kuti alowe kapena atenge foni yanu.

Ndifufute mauthenga amene angandiike m'mavuto?

Musayerekeze. Kuwononga kapena kusintha umboni pofuna kusokoneza kafukufuku kumafika zaka 20 pansi pa lamulo la Sarbanes-Oxley la 2002, ndipo uthenga umene mwafufutawo nthawi zambiri umakhala ulipobe m'foni ya amene munamutumizira. Musaimbirenso anzanu kuti mugwirizane zokanena. Wina mwa iwo angakhale atayamba kale kuthandiza boma ndipo akujambula mawu anu.

Ndilibe ndalama za loya. Nditani?

Mlandu ukatsegulidwa, khoti limapereka loya kwa amene sangakwanitse kulipira. Musawaderere maloya amenewa. A ofesi ya Federal Public Defender amagwira milandu ya fedulo tsiku ndi tsiku, ndipo ambiri amaposa loya wolipidwa amene anazolowera milandu ya ngozi za pamsewu kapena ya mapepala okhalira m'dziko. Mukalandira target letter mungapemphe khoti kuti likupatseni loya mlandu usanatsegulidwe. Mungapemphenso womasulira ngati Chingerezi cha m'khoti chikukuvutani, ndipo palibe manyazi pamenepo.

Chenjerani ndi loya wa kampani imene mumagwirako ntchito. Iye amaimira kampaniyo, osati inu, ndipo kampani ingasankhe kupereka ku boma zonse zimene mwamuuza.

Kodi munthu amadziteteza bwanji pa milandu yotere?

Pa milandu yambiri yotere palibe amene amatsutsa kuti ndalama zinayenda. Mapepala a kubanki amaonetsa zimenezo. Mkangano umakhala pa zimene zinali mumtima mwa munthu. Boma liyenera kutsimikiza, mosasiya chikayiko chomveka, kuti munali ndi cholinga chonyenga, ndipo anthu onse 12 a jury, anthu wamba amene amagamula ngati munthu ndi wolakwa, ayenera kugwirizana. Bizinesi kugwa si chinyengo. Kulonjeza chinthu chimene munkakhulupiriradi kuti chitheka si chinyengo. Kusunga mabuku mosalongosoka si chinyengo. Choncho imelo imene munafunsa bwana wanu kuti "kodi zimenezi n'zololedwa?" ingakhale yamtengo wapatali kuposa mboni khumi, ndipo ichi ndi chifukwa china chosafufutira kanthu.

Wina amadziteteza poonetsa kuti anaulula zonse kwa loya kapena wowerengera ndalama ndipo anatsatira malangizo ake, ngakhale kuti njira imeneyi imatsegula zokambirana zake ndi loyayo kuti boma lizione. Pa milandu ya msonkho, khoti la Supreme linagamula mu 1991 kuti munthu amene sanamvetsedi zimene lamulo limafuna sanazembe mwadala. Loya angapemphenso kuti umboni wotengedwa posecha mosatsata lamulo utayidwe, angatsutse kuti khotilo si loyenera kumva nkhaniyo monga tinaonera kwa Boustani, ndipo angafunse mboni za boma zimene zinalonjezedwa. Mboni zambiri pa milanduyi ndi anthu amene avomera kale milandu yawo ndipo akuyembekeza kuchepetseredwa chilango, ndipo jury iyenera kudziwa zimenezo. Kuyambira 1963, boma limakakamizidwa kupereka kwa woimbidwa mlandu umboni uliwonse umene ungamuthandize.

Malamulowo nawonso amatsutsika. Mu 2010, pa apilo ya Jeffrey Skilling wa kampani ya Enron, khoti la Supreme linachepetsa mphamvu ya lamulo lina la chinyengo kuti lizigwira pa ziphuphu zokha.

Ndikabweza ndalamazo, mlandu utha?

Ayi. Kubweza sikufafaniza mlandu, ngakhale kungathandize pa chilango. Musabweze mwa inu nokha loya asanakuuzeni kachitidwe kake, chifukwa kungaoneke ngati kuvomera kapena kunyengerera mboni.

Papita zaka zambiri. Angandizengebe?

Kwathu timati mlandu suola, koma kumeneko uli ndi nthawi yake. Milandu yambiri ya fedulo iyenera kutsegulidwa pasanathe zaka 5. Ya msonkho yambiri ndi zaka 6, pomwe yokhudza mabanki ndi zaka 10. Mu 2022 nthawi ya milandu ya ngongole za Covid-19 zothandizira mabizinesi, za PPP ndi EIDL, inakwezedwa kufika zaka 10, choncho amene ananama pa mafomu aja mu 2020 akadali pa ngozi. Pa mlandu wopangana chiwembu nthawi imayamba kuwerengedwa pa chochita chomaliza, ndipo kwa munthu amene wathawa, nthawiyo imaima.

Ndivomere mlandu kapena ndilimbane nawo?

Pafupifupi anthu 90 mwa 100 alionse ozengedwa ku fedulo amavomera mlandu, ndipo amene amafika pozengedwa pamaso pa jury ndi awiri kapena atatu okha pa 100. Mwa ochepawo, ambiri amapezeka olakwa. Wovomera amachepetseredwa chilango, milandu ina imachotsedwa, ndipo wothandiza boma kugwira ena angachepetseredwe kwambiri.

Izi sizikutanthauza kuti aliyense avomere. Chisankho ndi chanu, osati cha loya, ndipo musachipange musanaone umboni wa boma ndi kumva chilango chimene chingabwere mbali zonse ziwiri. Woweruza sakakamizidwa nthawi zonse kutsatira zimene mwagwirizana ndi boma, ndipo mapangano ambiri amakulandani ufulu wochita apilo. Ngati si inu nzika, werengani funso la green card m'munsimu musanasaine chilichonse.

Chilango chimawerengedwa bwanji?

Woweruza amayambira pa buku la malangizo a zilango, limene limapereka mapointi. Pa milandu ya chinyengo chimene chimakweza mapointi kwambiri ndi kuchuluka kwa ndalama, ndipo nthawi zambiri amawerengera ngakhale zimene munafuna kutenga koma sizinatheke. Amaonanso chiwerengero cha obedwa, ngati munali mtsogoleri kapena wotumidwa, ngati munagwiritsa ntchito udindo wanu molakwika, ndi mbiri yanu ya milandu. Kuyambira 2005 bukuli ndi longolangiza, choncho woweruza angatsike pansi pake ataona moyo wonse wa munthuyo. Apa loya wakhama amapulumutsa zaka, potsutsa mawerengedwe a ndalama dola ndi dola.

Ku fedulo kulibe parole, kutulutsidwa m'ndende msanga n'kumayang'aniridwa kunja, pa milandu yochitika kuyambira 1987. Wakhalidwe labwino amachotseredwa masiku osaposa 54 pa chaka, ndipo lamulo la First Step Act la 2018 limalola ena kufupikitsa nthawi pochita maphunziro. Kupatula ndende, khoti limalamula kubweza ndalama kwa obedwa, ndipo boma lingalande nyumba, galimoto kapena akaunti zochokera m'chinyengocho.

Ndili ndi green card. Kodi andithamangitsa m'dziko?

Ngoziyo ndi yaikulu. Mlandu wa chinyengo umene obedwa anataya ndalama zoposa $10,000 umawerengedwa m'gulu la milandu ikuluikulu pa malamulo olowera ndi kukhala m'dziko, ngakhale munthu asanagone m'ndende tsiku limodzi. Wopezeka wolakwa pa mlandu wa gulu limeneli amathamangitsidwa pafupifupi nthawi zonse, ngakhale ali ndi ana obadwira komweko, ndipo kubwereranso n'kovuta zedi. Mu 2010 khoti la Supreme linagamula kuti loya ayenera kuchenjeza munthu za zimenezi asanavomere mlandu. Uzani loya wanu zoona za mapepala anu tsiku loyamba, ndipo pemphani kuti afunsane ndi loya wodziwa za mapepala. Nthawi zina kuvomera mlandu wina m'malo mwa wina, kapena kugwirizana pa chiwerengero cha ndalama, n'kumene kumasiyanitsa kukhala ndi kuthamangitsidwa.

Wachibale wathu wamangidwa. Ife tingathandize bwanji?

Musakambe naye za mlanduwo pa foni ya kundende, chifukwa mafoni amenewo amajambulidwa, ndipo kuyankhula Chichewa sikubisa kanthu popeza boma limapeza omasulira. Musasamutse ndalama kapena katundu wake kuti mumubisire, mungalowe nawo m'mlandu. Musalembe za nkhaniyo pa Facebook kapena m'magulu a WhatsApp.

Pa nkhani ya belo, a boma amakonda kunena kuti munthu wochokera kunja angathawe. Achibale ndi abwenzi okhazikika kumeneko angathandize posainira chikole, popereka malo okhala, ndi pofika kukhoti tsiku la belo. Wosainayo adziwe kuti womangidwayo akathawa, ngongoleyo imagwera iye. Womangidwa ali ndi ufulu wopempha kuti ofesi ya kazembe wa dziko lake idziwitsidwe, ngakhale kazembe sangamutulutse. Ikafika nthawi ya chigamulo, makalata ochokera kwa makolo, abusa, aphunzitsi ndi anthu amene iye ankawalipirira sukulu kumudzi amawerengedwa ndi woweruza. Alembeni moona, mutchule zinthu zenizeni zimene munaona, musatsutse chigamulo cha khoti, ndipo muwatumize kwa loya wake, osati kwa woweruza mwachindunji.